Light, night, cough, dough: mawu a Chingerezi a zilembo zisanu okhala ndi GH

FUNSO

Ndimaphunzitsa Chingerezi Sitandade 7 pasukulu ina ku Ntcheu. Lachisanu lililonse ndimajambula timabokosi tisanu pabolodi, ana n'kumalosera mawu amene ndabisa, monga zimakhalira pa Wordle ya pafoni ija. Teremu ino ndikufuna mawu a zilembo zisanu okhala ndi GH, makamaka othera ndi -ight ndi -ough, pamodzi ndi matanthauzo ake. Komanso ana amandifunsa kuti GH ameneyu amatani m'mawumo poti satchulidwa, ine n'kungowauza kuti ndi mmene eni ake analembera. Ndiziwayankha bwanji?

Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO

Aphunzitsi, mawu amene mukufunawo si ambiri. Othera ndi -ight amene mwana wa Sitandade 7 akuyenera kuwadziwa alipo 8, othera ndi -ough alipo 5, ndipo mukaonjezerapo ena ochepa amene GH wake wakhala pena, simupitirira 20. Kuwaloweza ndi ntchito ya sabata imodzi. Pamene pagona ntchito ndi pa matanthauzo, chifukwa ena mwa mawuwa asenza matanthauzo awiri kapena atatu osagwirizana n'komwe, komanso pa matchulidwe, chifukwa zilembo zofanana sizikupereka liwu lofanana.

Ndiyambe ndi funso la anawo, popeza yankho lake limamasula zambiri.

GH ankatchulidwa. Zaka 1,000 zapitazo Angerezi ankalemba usiku kuti niht, ndipo right ankalemba riht. H wa pakatiyo sanali wokongoletsera: linali liwu lokhakhala lotulukira kukhosi. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana wa ku Rumphi kapena ku Mzimba, mupempheni atchule mawu a Chitumbuka akuti kughanaghana, anzake amvetsere. GH wa mmenemo akutulukira malo omwewo a kukhosi, kungoti wa Chitumbuka amalira, pomwe wa Chingerezi chakale unali mpweya wokha wopanda kulira. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, kalembedwe kanayamba kusintha, ndipo m'kupita kwa zaka alembi anakhazikika pa zilembo ziwirizi, g ndi h, polemba liwulo. William Caxton atatsegula makina ake osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, masipelo anayamba kuuma pang'onopang'ono, chonsecho pakamwa pa anthu a kummwera kwa England liwu lija linali likutha. Pofika m'ma 1600 anthu ambiri a ku London sankalitchulanso. M'mawu ena linangozimiririka, n'kusiya lembo la liwu loyandikana nalo litatalika, ndipo lembo limenelo ndi limene pambuyo pake linasanduka "ai" wa mu night. M'mawu ena linasanduka f, n'chifukwa chake tili ndi cough ndi laugh. GH ali ngati chitsa m'munda: mtengo unadulidwa kalekale, koma khasu limachipezabe.

Umboni ulipo m'zilankhulo za pachibale. Ajeremani mpaka lero amati Nacht, Licht ndi acht kutanthauza usiku, kuwala ndi nambala 8, liwu lakukhosi lija likumveka bwinobwino. Ku Scotland achikulire ena amati nicht ndi licht. Abale athu amene ali ku Joni amamva Chiafrikaans chikuti nag, lig ndi agt. Ana mukawauza zimenezi amasiya kuona GH ngati chilango cha aphunzitsi.

Tsopano mawuwo. Light ndiye wolemera matanthauzo kuposa onse. Monga dzina, ndi kuwala, komanso chinthu chimene chikuwalitsa, kaya ndi nyali, getsi kapena tochi: switch off the light, zimitsa getsi. Monga mneni, ndi kuyatsa: light the fire, yatsa moto, ndipo zikakhala zakale timati lit. Monga mfotokozi, ndi chopepuka: this bag is light, chikwama ichi n'chopepuka. Pa mitundu ya zinthu amatanthauza mtundu wosaderapo, monga light blue. Kunena zoona apa pali mawu awiri osiyana amene anangogwera m'sipelo imodzi, ndipo Chijeremani chimawalekanitsabe: Licht ndi kuwala, leicht ndi chopepuka. Funso la mawu otsutsana likabwera, mwana ayambe waona chiganizo chonse, chifukwa wotsutsana ndi light woyamba ndi dark kapena darkness, pomwe wotsutsana ndi wachiwiriyo ndi heavy. Ana ambiri amataya malikisi pamenepa.

Right nayenso ali patatu. Ndi kumanja: turn right, khotera kumanja, ndipo mnzake ndi left. Ndi cholondola: your answer is right, wakhoza, ndipo mnzake ndi wrong. Ndi ufulunso: the right to education, ufulu wa maphunziro. Ku masamu akumana nayenso mu right angle, ngodya ya madigiri 90. Ndiye pali write, kulemba, amene ali ndi zilembo zisanu ngati mnzakeyo ndipo amatchulidwa chimodzimodzi, palibe kusiyana ngakhale pang'ono.

Pa light ndi right chedwanipo, musathamange. M'Chichewa L ndi R ndi liwu limodzi, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti tilembe r pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi bwera, l penapo ponse. Munthu akati bwela m'malo mwa bwera palibe amene amasokonezeka. M'Chingerezi mukasintha lembolo mwasintha mawu, ndipo mwana amene khutu lake silinazolowere kusiyanitsa amalemba "turn light" osaona vuto lililonse. Kungomuuza kuti walakwa sikuthandiza. Muonetseni lilime: pa L nsonga yake imakhudza kuseri kwa mano akumwamba, pa R ya Chingerezi imapindikira m'mbuyo osakhudza paliponse. Kenako muzitchula mawu amodzi mwa awiriwo mutatembenukira kubolodi, ana azikweza dzanja lamanja akamva right, aziloza kudenga akamva light. Mungapitirize ndi glass ndi grass, kapena bleed ndi breed, onse a zilembo zisanu.

Might ali pawiri. Nthawi zambiri ndi kamneni kothandizira kosonyeza kukayika: it might rain, mwina mvula igwa. Koma monga dzina ndi mphamvu: he pulled with all his might, anakoka ndi mphamvu zake zonse. Ana opita kutchalitchi amadziwa kale Almighty, Wamphamvuyonse, ndiye yambirani pamenepo.

Otsalawo savuta kwenikweni. Night ndi usiku, ndipo knight, msilikali wakale wa pahatchi amene ali pa chesi, amatchulidwa mofanana naye koma ali ndi zilembo 6, choncho salowa m'timabokosi tanu. Fight ndi ndewu kapena kumenyana, komanso kulimbana ndi chinthu monga malungo kapena umphawi, ndipo zakale timati fought. Sight ndi kuona kapena mphamvu ya maso, she lost her sight, anasiya kuona, komanso chinthu chimene maso akuchiona. Asamusokoneze ndi site, malo monga omangapo nyumba, amene alinso mu website, kapena cite, kutchula kumene mwatenga mfundo. Tight ndi chothina kapena chomangika kwambiri, monga nsapato kapena chivindikiro cha botolo. Wotsutsana naye ndi loose, yemwe ana amamusokoneza ndi lose, kutaya.

Wachisanu ndi chitatu ndi eight, nambala 8, ndipo ameneyu wangobwereka malaya a banjali. Amathera ndi -ight, koma sagwirizana kamvekedwe ndi night. Amamveka ngati late ndi gate. M'masewera mwanu ndiye adzavutitse kwambiri, chifukwa ana akaona _IGHT maganizo awo amathamangira zilembo zopanda liwu, osaganizako zoti kutsogolo kungakhale E.

Mtanthauziramawu wamkulu akupatsaninso bight ndi wight. Bight ndi gombe la nyanja lopindika motalika, monga Bight of Benin kumadzulo kwa Africa ndi Great Australian Bight, komanso kupindika kwa chingwe. Wight ndi mawu akale otanthauza munthu kapena cholengedwa, ndipo lero amapezeka m'nthano zokha. Ine sindingawabise pabolodi. Mwana amene walephera mawu oti sanawamvepo saphunzirapo kanthu, amangoti aphunzitsi atinyenga. Asungireni mwana wachidwi amene adzafune kusewera Scrabble, masewera opanga mawu ndi zilembo amene Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala Mwafirika woyamba kupambana mpikisano wake wa dziko lonse mu 2015 ku Perth.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene mudzakuone m'makope kawirikawiri: ligth, nigth, eigth. Musaganize kuti ndi ulesi. Dzanja la mwana wa Chichewa linazolowera th kuyambira Sitandade 1, mu thupi, nthawi, thumba, pomwe ht sanamuonepo m'chilankhulo chake. Akafika kumapeto kwa mawu, dzanja limangotembenuza lokha. Mankhwala ake ndi kuphunzitsa igh ngati chinthu chimodzi chosaduka, chimene chimati "ai". Yambani ndi high ndi sigh, pamene palibe t woti asokoneze, kenako muonjezere t kumapeto: sigh, sight. Lembani igh ndi choko cha mtundu wina. Chinanso ndi i wa kumapeto. Poyankhula timati laiti, naiti, eyiti, chifukwa mawu a Chichewa sathera pa lembo lopanda liwu. Pocheza zilibe kanthu, koma m'kalasi athandizeni kutseka mawuwo pa t.

Banja la -ight lingathe kuphunzitsidwa tsiku limodzi popeza onse, kupatula eight, amamveka mofanana. Banja la -ough musaliyese choncho. Mawu ake ndi 5 koma matchulidwe ndi 4, ndipo mukawaika onse pabolodi tsiku limodzi, ana adzatuluka akutchula onsewo mofanana.

Rough ndi tough ndiwo amapita limodzi, "raf" ndi "taf". Rough ndi chokhakhala, chosasalala: khungu, thabwa losapala, msewu wa mabampu. Nyanja ikawinduka ndi mwera amati the lake is rough. Wosewera mpira mwankhanza akusewera rough, ndipo ntchito yongoyeserera imene sinakonzedwe bwino ndi rough work. Ana amawadziwa kale mawuwa kudzera mu kope la rafu, kungoti sanawaonepo atalembedwa. Tough ndi cholimba chovuta kudula kapena kutafuna, monga nyama ya nkhuku yokalamba, komanso chovuta, monga mayeso, komanso munthu wopirira. Kusiyana kwake ndi hard n'kofunika: mwala ndi hard, sutobwanyika, pomwe chikopa ndi tough, chimapindika koma sichiduka.

Cough ali ndi f yemweyo koma lembo la liwu lasintha, "kof". Ndi kutsokomola, komanso chifuwa chimene chikukutsokomoletsa: she has a cough, akudwala chifuwa. Apa chenjerani, chifukwa ife chifuwa ndi matenda komanso chiwalo, pomwe iwo chiwalocho amati chest, amenenso ali ndi zilembo zisanu. Mwana akalemba "I am sick of chest" mudziwe kuti gwero lake ndi limeneli.

Dough alibe f, amamveka ngati go, "dou". Ndi ufa wokandidwa ndi madzi umene sunaphikidwe, uja amayi amauphimba ndi nsalu kuti ufufume asanakazinge mandasi. Madonasi amene timagula pamsika dzina lawo linachokera ku doughnut, ndipo dough ali momwemo. M'chiyankhulo cha mumsewu, makamaka ku America, dough ndi ndalama. Kumpoto kwa England mawu omwewa anatsata njira ya rough n'kusanduka duff, dzina la chakudya china cha ufa, zomwe zikusonyeza kuti panalibe lamulo losankha mawu oti atenge f. Dera lililonse linkangopita kwake, ndipo Chingerezi cha m'mabuku chinatola apa ndi apo.

Bough amamveka ngati cow, "bau". Ndi nthambi yaikulu ya mtengo, yochokera pa thunthu penipeni. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku anthu amangoti branch, ndipo bough amapezeka kwambiri m'ndakatulo. Pa asanuwa ndiye wosafunikira kwenikweni, komabe mubiseni kamodzi chakumapeto kwa teremu, chifukwa amatsegulira njira plough, pulawo ya ng'ombe, amene ali ndi kamvekedwe komweko. Ku Ireland kuli lough, nyanja, monga Lough Neagh, ndipo kumeneko liwu lakukhosi lija amalitchulabe.

Mmene ndingachitire ine, aliyense wa awa ndingamuike ndi anzake a kamvekedwe, osati a sipelo. Sabata ya rough ndi tough pakhale stuff ndi enough. Sabata ya dough pakhale though ndi go. Akakhazikika ndi pamene mungawasonkhanitse, ana aone okha kuti zilembo zinayi zomwezo zikulira mosiyanasiyana. Though, through ndi thorough, amene amasokoneza ngakhale a Folomu 4, ali ndi zilembo 6, 7 ndi 8, ndiye adikire nthawi yawo.

Ena okhala ndi GH ndi awa. Laugh ndi kuseka, ndipo gh wake ndi f. Weigh ndi kuyeza kulemera, monga pa sikelo ya chimanga kapena ya ana, ndipo amamveka ngati way. Neigh ndi kulira kwa hatchi. Thigh ndi ntchafu, koma th wake si uja wa mu thupi, lilime lizikhala pakati pa mano. Ought amayenda ndi to ndipo amatanthauza kuyenera: you ought to rest, uyenera kupuma. Ghost, mzukwa, ali ndi mbiri yakeyake. G wake amatchulidwa, ndipo h sanachokere ku liwu lakukhosi lija. Kale mawuwa analibe h, ndipo akatswiri ambiri amati anabwera m'mabuku a Caxton, yemwe anakhala zaka zambiri ku Bruges, mzinda wa ku Belgium, kumene Chifulemishi chinkalemba gheest.

Ndinenepo za masewerawo, poti banja la -ight ndi msampha wodziwika kwa osewera Wordle. Masewerawa anapangidwa ndi Josh Wardle wa ku Wales, anatulutsidwa poyera mu Okutobala 2021, ndipo The New York Times inawagula mu Januwale 2022. Wosewera amakhala ndi mipata 6. Lembo likakhala pamalo pake limabiriwira, likakhala m'mawumo koma pamalo ena limasanduka lachikasu, likakhala kuti mulibe limatuwa. Pabolodi mungachonge, kuzunguliza ndi kuthetha.

Tiyerekeze kuti ana apeza _IGHT pa mpata wachiwiri. Kalasi yonse iyamba kukuwa kuti yapambana, chonsecho mawu otheka alipo 8 ndipo mipata yatsala 4. Akamangolosera light, kenako night, kenako right, akhoza kutha mipata yonse asanapeze. Njira yanzeru ndi kusiya kaye -ight n'kutchula mawu ena amene asenza zilembo zingapo zokayikitsazo nthawi imodzi. FRESH ali ndi F, R, E ndi S, ndiye akuyesa fight, right, eight ndi sight pakamodzi. Limodzi mwa anayiwo likayaka, yankho ladziwika. Akapanda kuyaka onse, kwatsala light, might, night ndi tight. Apa atchule LEMON, amene ali ndi L, M ndi N. Lina likayaka zatha, ndipo onse akatuwa yankho ndi tight. Mipata iwiri yofufuzira, wachitatu woponya yankho, ndipo umodzi utsalanso. Kwa ana n'kovuta kuvomereza kutchula mawu amene akudziwiratu kuti si yankho, koma akaona kamodzi kuti zikugwira amayamba kufufuza okha m'mitu mwawo mawu ena onse amene akuwadziwa, ndipo phindu lenileni la masewerawa ndi limenelo. Pa _OUGH zilembo zokayikitsa ndi B, C, D, R ndi T. Apatseni ngati ntchito ya kunyumba kuti apeze mawu amodzi oyesa zitatu mwa izo. CARDS ndi amodzi mwa iwo, koma musawauze msanga. Pafoni pali njira ina yovutirapo yotchedwa hard mode, imene imakakamiza wosewera kugwiritsa ntchito zilembo zonse zimene wapeza kale, ndipo mmenemo nzeru iyi siloledwa. M'kalasi musaike lamulo limenelo.

Tight ali ndi T awiri, choncho gwirizanani ndi ana musanayambe kuti lembo likhoza kubwera kawiri m'mawu amodzi, apo ayi padzakhala mkangano.

Ndikupempheni muonjezere lamulo limodzi limene Wordle ilibe: gulu limene lapeza mawu lisalandire malikisi mpaka litapanga chiganizo, ndipo mawuwo akakhala light, right kapena might, ziganizo ziwiri za matanthauzo osiyana. Popanda zimenezi mwana akhoza kukhala katswiri wa timabokosi koma osadziwa kuti dough n'chiyani akamupeza m'ndime ya mayeso a Sitandade 8.

Ngati mawu ena muziwatenga pa intaneti, muziyang'ana kuti mndandandawo walembedwa kuti. Wordle imatsata masipelo a ku America, kumene color, favor, honor ndi labor ali ndi zilembo zisanu. Masukulu athu amatsata a ku Britain, kumene mawu omwewo ali ndi u ndipo zilembo zake ndi 6: colour, favour, honour, labour. Nayenso plough ku America amalembedwa plow, GH atachotsedwa. Amenewa musawaike m'timabokosi tisanu. Mawu 19 amene ndakupatsaniwa amalembedwa chimodzimodzi ku London ndi ku New York, ndipo mukamabisa awiri Lachisanu lililonse akufikitsani chakumapeto kwa teremu.